Pemphero la a Kalebe pa Intaneti

A Kalebe, mwini kampani yoyeza malo ku Malomo, anali mkulu wa mpingo wodziwika ndi mapemphero aatali. Kwa iwo, msonkhano wosayamba ndi pemphero unali chipwirikiti chabe.

Chaka chino makasitomala awo akale a ku Lilongwe anakana zokweranso mapiri a ku Ntchisi. Anati zokambirana zonse zizichitikira pa intaneti. A Kalebe anavala jekete, nakhala patsogolo pa kompyuta, nkhope zisanu zili tong'o pagalasi.

"Titseke maso, aliyense apemphere chamumtima," anatero a Kalebe. "Ine nditsekera."

Atangoweramitsa mutu, netiweki inathawa. Anagwedeza kompyuta ija, sizinathandize. Anainyamula n'kutuluka nayo, kudutsa pamsika wa tomato ataikweza m'mwamba ngati mbale ya chopereka. Anakwera chulu cha kuseri kwa chigayo, koma ayi ndithu. Pomaliza anaipeza netiwekiyo pamwamba pa phiri, patatha mphindi makumi anayi, jekete lili chisoso chokhachokha.

Nkhope zisanu zija zinabwerera pagalasi. Onse anali chiweramire, maso ali chitsekere. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene analimba mtima kusuzumira mkulu wa mpingo asanatseke pemphero.

"Ameni," anatero a Kalebe, uku akupuma wefuwefu.

Mayi Talandira, bwana wa makasitomalawo, anatsegula maso n'kuyang'ana wotchi yawo modabwa.

"Koma intanetiyi ndi yabwinodi," anatero mayiwo. "A Kalebe, lero mwafupikitsa."