Tsiku Limene a Sakala Anagona Ali Chilili

Amayi Damaris Sakala a ku komboni ya Pamodzi ndi munthu woti nkhani yabwino sagona nayo. Yoipa amatha kuisunga mwezi wathunthu osaitsokomola n'komwe, koma yabwino imawayabwa, ndipo ikawapeza kubafa amatuluka thovu lili kumutu. Amuna awo, a Jonah, anazolowera kale. Amati m'nyumba mwawo wailesi anaigula pongofuna kuti alendo aone, chifukwa ntchito yake inali naye kale mwini.

Koma chaka chimenecho nkhani zabwino zinasowa pakhomo paja. A Jonah, amene anagwira ntchito yoyendetsa galimoto zonyamula katundu ku Heavy Industrial Area kuyambira ali mnyamata, anagwidwa ndi sitiroko nyengo yozizira. Mwendo ndi dzanja lakumanzere zinafooka, munthu wa ntchito zake n'kukhala wapabedi. Izi zinachitika ukwati wa mwana wawo mmodzi yekhayo, Tionge, utalengezedwa kale kutchalitchi.

Tionge anauimitsa ukwatiwo. Ananena poyera kuti abusa akadzafunsa kuti akupereka mwanayu ndani, atate ake ayenera kudzaimirira okha n'kuyankha, apo ayi iye diresi loyera savala. Atate ake anamuchonderera kuti angayankhe ali pampando, mawu ndi omwewo. Mwanayo anakana. Liuma limenelo analitenga kwa amake, ngakhale amakewo amakana mpaka lero.

Osward, mnyamata wa ku Kitwe amene anamutomera, anali wodekha. Koma azakhali ake anayamba kunong'ona kuti kapena mtsikanayo wasintha maganizo ndipo akungobisala kumbuyo kwa matenda. Manong'onong'owo anafika ku Pamodzi, monga amafikira nthawi zonse. A Jonah zinawapweteka kuposa mwendo. Anauza akazi awo kuti iwo sanalere mwana kuti iwo eni adzakhale chipika chomutsekera njira.

Ndiye anayamba kuyesayesa kuima. M'mawa uliwonse ankagwira zitsulo za pawindo n'kudzikoka, thukuta lili kamukamu, Amayi Damaris atawagwira lamba kumbuyo. A Jonah anawalumbiritsa akazi awo kuti Tionge asamve kanthu mpaka tsiku limene adzaime osagwira chilichonse, kuti mwana asayembekezere za mumlengalenga. Kwa mayi aja limeneli linali goli. Ankati akamalankhula ndi Tionge pafoni, amadziluma mlomo n'kuyamba kukamba za mtengo wa makala.

Lachiwiri lina m'mawa a Jonah anasiya zitsulo zija. Anagwedera, n'kuwongoka, n'kuima. Amayi Damaris anachotsa dzanja palamba pang'onopang'ono, ndipo bambo aja anakhalabe chilili. Mayi aja anayamba nthungululu, kenaka misozi, kenaka zonse pamodzi.

Chithunzi, basi. Ndipo munthu sajambulidwa tsiku lotere atavala zogonera. Anatulutsa suti imene inagulidwira ukwati, yomwe inali isanavalidwepo, n'kuwaveka ndi tayi yomwe. Anawatulutsa pakhonde atawakolowekera paphewa. Apo n'pamene anaona khoma lawo ndi maso a mlendo: mizere ya mvula, mng'alu wochokera kudenga, penti yosupuka. Ayi ndithu, anzake a Tionge akuntchito sangaone zimenezo. Anathamangira kuchipinda, n'kuyalula nsalu ya pabedi yamaluwa ofiira ija, n'kuipachika pakhoma ndi zopanira zovala, khoma lonse n'kubisika.

A Jonah anaima patsogolo pa nsaluyo. Mphamvu zonse zinali kumawondo, choncho manja anawagundika m'mbali ngati msilikali, nsagwada atamanga. Dzuwa linawalasa kumaso ndipo anatsinzina. Amayi Damaris anasendera pafupi kuti nkhope ioneke bwino, mpaka nsapato ndi simenti ya pakhonde zinatsala kunja kwa chithunzi. Atayang'ana pafoni anaona mwamuna wawo ataima njo, wokongola ngati tsiku limene anawakwatira. Zotsinzinazo sanazilabadire.

Vuto linali lakuti Tionge, kumene amagwira ntchito yoyeza miyala ya kumgodi ku Kitwe, foni amaisiya m'kabati pageti mpaka poweruka. Munthu wina akanadikira madzulo. Koma Amayi Damaris anakumbukira imelo ya kuntchito imene mwanayo anawaikira pafoni kuti azitumizirapo mapepala a kuchipatala, yomwe Tionge amaitsegula pakompyuta ya muofesi. Anatumiza chithunzicho osalembapo liwu ndi limodzi lomwe, ati chikalankhula chokha. Chitangopita foni inazima, batire itatha, pakuti magetsi anali atapita kuyambira mbandakucha.

A Jonah anali atatheratu. Akazi awo anayalanso nsalu yamaluwa ija pabedi n'kuwagoneka, ndipo bambo aja anakana kuvula suti, ati aimve kaye m'thupi. Posakhalitsa tulo tinawatenga, manja ali pachifuwa. Mayi aja anakoka chitseko osakhoma, anasiya foni kwa wometa tsitsi wokhala ndi sola kuti itchajidwe, n'kukwera minibasi ya ku Chifubu kukagula nkhuku yachikuda.

Kumsika anachedwa. Nanga akanafulumira bwanji, pamene wogulitsa tomato aliyense anayenera kumva? Nkhaniyo anaifotokoza m'Chibemba, anaifotokoza m'Chinyanja, anaifotokozeranso kondakitala amene sanafunse. Anabwerera cha m'ma 13 hours, nkhuku ili kukhwapa, akuimba chamumtima.

Atakhota pangodya ya msewu wawo anaona mipando yawo ya pabalaza ili panja, pansi pa mtengo wa mapeyala. Pamipandopo panali azibambo a m'deralo atazolika. M'nyumba munkamveka nyimbo ya azimayi, yokoka pang'onopang'ono, imene aliyense wokulira mumpingo amadziwa kuti siimbidwa pa chikondwerero.

Amayi Damaris anaima pomwepo. Anaganiza kuti bambo aja anayesa kudzuka okha n'kugwa, iwo ali kalikiliki kubwebweta kumsika. Mantha amenewo anali enieni, ndipo sanawaiwale.

Amayi Philomena, anansi awo a Chikatolika amene anakhala nawo mpanda umodzi kuyambira ana ali aang'ono, anawachingamira pageti korona ili m'manja.

“Limbani mtima, amake Tionge. Tamva.”

Anafotokoza akusisima kuti Tionge anawaimbira pafoni ya muofesi kuchokera ku Kitwe akulira, ati amayi anditumizira chithunzi cha atate atawagoneka kale, ndipo foni yawo siikupezeka. Iwo anabwera liwiro la mtondo wadooka, anaodira, osayankhidwa. Atasuzumira pawindo la kuchipinda anaona a Sakala ali m'suti, pansalu yamaluwa, manja pachifuwa, ali duu. Kulowa anaopa. Anangoganiza kuti mnzawo wapita kukauza abusa, ndiye anaitana amayi a Chigwirizano a kumpingo kwa a Sakala ndi a kwawo ku Katolika, n'kuyamba kutulutsa mipando monga mwa mwambo kuti olira apeze pokhala. Paja akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Amayi Damaris anamva mawu akuti chithunzi, anamva akuti suti, ndipo china chinayamba kuwala m'mutu mwawo. Koma mtima sunakhulupirire mutu. Anafuna kukaona okha chifuwa chija chikukwera ndi kutsika. Anayesa kudutsa pakhomo, azimayi n'kuwagwira uku ndi uku, ena kuwalanda nkhuku, iwo n'kuikakamira. Anafuna kukuwa kuti ndisiyeni, koma mawu anakanirira pakhosi.

Nthawi yomweyo takisi inaima pamsewu. Anatsika Osward, maso ali psuu, kenaka Tionge, atavalabe jasi loyera la kuntchito, pepala atalifumbata m'manja. Atangoona mipando panja anagwada pafumbi pageti pomwepo n'kulira kulira kwa mwana wamasiye, akuitana atate ake.

Nyimbo m'nyumba muja inaduka pakati. Kunamveka chitseko cha kuchipinda chikulira, kenaka phokoso la azimayi akukwawira kumakoma. Wina anatulukira kukhomo la kukhitchini atasiya chitenje.

A Jonah anali ataima pakhomo la chipinda, suti itakwinyika, tayi ili paphewa. Anatambasula dzanja kufuna mpando umene unkakhala pafupi ndi chitseko, koma mpando panalibe. Tebulo panalibe. Pabalaza ponse panali mbee, popanda chogwira. Anayang'ana kukhomo lakunja, n'kuponya mwendo wabwino, n'kukoka winawo. Anaponyanso. Munthu amene m'mawa womwewo anangokwanitsa kuima anadutsa pabalaza ponse, akupepesuka, ndipo palibe analimba mtima kumugwira.

Atafika pakhomo anagwira mphuthu n'kumwaza maso pagulu lonse lija. Mwana wawo anamuona, koma maso sanaime pa iye.

“Amake Tionge ali kuti?” anafunsa, mawu akusweka. “Ndiuzeni zoona. Ali kuti mkazi wanga?”

A Jonah anadzafotokoza pambuyo pake kuti anadzidzimuka ndi nyimbo ya maliro m'nyumba mwawo. Anatchera khutu kuti amve mawu a akazi awo, pakuti pakhomo paja sipangachitike kanthu mawu amenewo osamveka pamwamba pa onse. Sanawamve. Kenaka anamva Tionge akulira pageti. Anangodziwa kuti minibasi ya ku Chifubu yachita ngozi, ndipo za mwendo sanazikumbukirenso.

Amayi Damaris anali pambali pawo penipeni, kuseri kwa Amayi Philomena. Anasuntha n'kuima poonekera, nkhuku ili kukhwapa.

“Ndili pano, atate ake Tionge.”

Bambo aja anawayang'ana nthawi yaitali. Kenaka anapumira m'mwamba n'kunena kuti nanga bwanji osalankhula, inu.

Amene anayamba kuseka sakudziwika. Ena amati ndi mmodzi wa azibambo a pansi pa mtengo, ena amati ndi Osward. Tionge anadzuka pafumbi paja osaphethira, anayenda ngati wolota, n'kufika pakhonde. Anagwira nkhope ya atate ake, anagwira phewa, anayang'ana pansi kumapazi. Atatero anawakumbatira mwamphamvu moti Osward anachita kuthamanga kukawachirikiza onse awiri. Nthungululu zinabuka m'nyumba ndi panja pomwe, amayi a Chigwirizano n'kuitembenuza nyimbo ija kukhala yovina, Akatolika n'kulowa m'bwalo osafunsa kuti ndi ya mpingo uti.

Fumbi litatsika, pepala lija linatambasulidwa. Mnzake wa Tionge ndiye analisindikiza kuti akaonetse abwana popempha chilolezo. Anthu anaunjikana kuti aone, ndipo aliyense woona ankagwira pakamwa. Chithunzi chinali chopingasa. Munthu wa suti, maso otsinzina, manja m'mbali, atagona pansalu ya pabedi yamaluwa. Ngakhale Amayi Damaris, amene anachijambula ndi manja awo, anamva tsitsi likuima.

Anadandaula kuti pafoni pawo bambowa anali chilili, nanga anawagwetsa ndani panjira ya ku Kitwe. Osward anafotokoza mwaulemu kuti foni imasunga chithunzi monga inagwiridwira, n'kulembapo kachizindikiro kobisika konena kumene kuli kumwamba, ndiye makompyuta ena akale kachizindikiroko sakawerenga. Amayi Philomena anati zimenezo ndi zawo ophunzira, iwo anaona ndi maso pawindo, ndipo munthu wamoyo sagona atavala tayi.

A Jonah, amene tsopano anali atawakhazika pa umodzi wa mipando yawo pansi pa mtengo, anapempha pepalalo. Analiika pabondo. Anakweza dzanja lakumanzere lija, lofooka, zala zikukana, n'kulikankha pepalalo pang'onopang'ono mpaka munthu wa pachithunzi anaima.

“Waona, mwanangu? Amayi ako anafuna kukuuza zimenezi. Tsopano usamudikiritsenso mwana wa eni.”

Tionge anangogwedeza mutu, misozi ikugwera pajasi. A Jonah anatembenukira kwa Osward n'kumuuza kuti aimbire amalume ake ndi azakhali aja abwere lero lomwe adzagwirizane tsiku, popeza mipando ili kale panja ndipo mboni zadzaza bwalo. Anawonjeza kuti nkhuku ndi imodzi, koma amene anabwera kudzalira sanayembekezere zambiri.

Uthenga unayenda msanga. Amayi Philomena anapita khomo ndi khomo kukamasula zimene anamanga, achinyamata anaimbira abale a ku Katete, wina anathamangira kwa abusa amene anali atanyamuka kale ndi buku la nyimbo. Dzuwa lisanalowe, Pamodzi yense anali atadziwa kuti a Sakala ayenda.

Pa anthu onse ofalitsa nkhaniyo, Amayi Damaris panalibe. Foni yawo inagona kwa wometa tsitsi, itadzaza moto, osaikumbukira. Iwo anakhala pamphasa pafupi ndi mpando wa amuna awo, dzanja lili pabondo la suti ija, osanena kanthu. A Jonah ankati akakhala pang'ono n'kuyang'ana pansi kuti aone ngati alipo.