Khomo la a Wailesi

A khonsolo ataganiza zogulitsa nyumba za boma za kuseri kwa depoti ya mabasi, sanabwere ndi zikwapu ayi. Anabwera ndi njerwa ndi simenti. Mlandu wa nyumbazo unali udakali kukhoti, choncho munthu wopezeka m'nyumba sankamutulutsa. Koma nyumba yopezeka ndi loko pachitseko ankati eni ake aithawa, ndipo amisiri ankatseka khomolo ndi njerwa, katundu ali momwemo. Munthu unkapita kumsika, pobwera n'kupeza khoma.

Anthu a m'nyumbazo anakumana pansi pa thanki ya madzi n'kupangana kuti nyumba isamakhale yokha. Paja mnzako akapsa ndevu m'zimire. Wopita kuntchito ankasiya mlamu wake, wopanda mlamu ankabwereka agogo a eni ake tsiku lonse.

Mayi telala wa mumzere wachitatu sankasowa womulondera, poti makina ake osokera anali pabalaza. Ndiye ankasoka nsalu zolembapo madandaulo zimene anzake ankaguba nazo. Koma m'mawa wina foni inalira kuchokera kuchipatala, kumene amuna ake anagonekedwa ndi chifuwa. Namwino sanachulutse gaga m'diwa, anangoti, "Mayi, bwerani msanga."

Mwatsoka, limenelo linali tsiku la mlandu. Ambiri anali atapita kukhoti, ndipo otsala aliyense anali ndi nyumba yoti alondere. Lole ya njerwa inali itaima kale pamphambano. Telala anaima pakhomo, loko ali m'manja, mtima uli pawiri. Akapita, amuna akewo akachira adzafikira pati? Akakhala, mwina sawaonanso ndi maso.

"Mwaimiranji ngati mtengo wa magetsi? Tapitani, inu!"

Anali a Wailesi, mayi okhala okha m'nyumba yoyang'anana ndi yake, amene dzina lawo lenileni linaiwalika chifukwa cha kulongolola. Awiriwa sankapatsana moni. Kalekale a Wailesi anasoketsa diresi, kenako n'kufalitsa mzere wonse kuti telala anawabera nsalu yotsala. Ndipo telala, kunena zoona, chakukhosi ankachisunga bwino kuposa ulusi.

"Nyumba yanga ndisiyire inuyo?" anatero telala. "Kuti mawa tauni yonse idziwe kuti mapoto anga ngobooka?"

"Za mapotozo ndinalengeza kale. Bweretsani kiyi kuno, bambo akudikira."

Anamulanda kiyiyo, nakakhala pampando wa makina, chitseko chili chotsegula. Telala sanathokoze n'komwe. Anangothamangira basi.

Amuna ake anawapeza akupumabe. Atamuzindikira, anafunsa chinthu chimodzi chokha: "Kunyumba mwasiya ndani?" Atamva kuti a Wailesi, anaseka mpaka kutsokomola. "Basi, amisiriwo athawa okha phokoso." Sanayankhulenso zambiri. Anatsirizika masana, dzanja lawo lili m'manja mwa mkazi wawo.

Telala anabwerera dzuwa litapendeka, atanyamula jumbo la zovala za malemu. Ali chapatali anaona khomo lake lili lotsegula, katani ikuuluzika, ndipo mtima unakhalako pansi. Kenako anacheukira tsidya la msewu. Pamene panali chitseko chobiriwira cha a Wailesi panali njerwa zatsopano, simenti isanaume. Tsache lawo linali litagona pamasitepe.

Apo m'pamene anakumbukira kuti m'mawa muja sanafunse kuti m'nyumba ya a Wailesi mutsala ndani. Manyazi anamugwira, n'kusakanikirana ndi chisoni.

A Wailesi anali pampando pomwe paja, ndipo anayamba kufotokoza telala asanalowe n'komwe.

"Anayambira kuno. Ndinawauza kuti muno muli munthu. Kapitawo wawo akuti, 'Nanga yanu ija, mayi?' Ine ndati munthu sakhala pawiri. Ndiye ndawaonerera pawindopa akumanga. Amisiri ake ngaulesi, taonani mmene khomalo lapendamira."

"Bwanji simunathamangireko?"

"Kuti bambo akatuluka m'chipatala afikire pati?"

Atatero m'pamene anaona jumbo lija, ndi nsapato za bambo zikusuzumira pamwamba. Anatsegula pakamwa, koma mawu sanatuluke. Chikhalireni mumzerewo, telala anali asanawaonepo a Wailesi atasowa chonena, ndipo zimenezo n'zimene zinamuliza. Analira awiriwo, wina pampando wa makina, wina atakhala pansi pafupi ndi chitseko.

Misozi itaphwa, a Wailesi anamasula mfundo ya pansalu yawo, natulutsa kiyi uja kuti abweze. Telala anawapinda zala pamwamba pa kiyiyo.

"Sungani, achemwali. Khoma lanulo tikalinena kwa a komiti yathu ya mlandu mawa, ndipo lidzagwa ndithu. Koma kuyambira lero, muno wotuluka azisiya mnzake."