Dzombe pa Tsiku la Mayeso

Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma dzombe la chaka chimenecho linaimbitsa zitini mudzi wonse.

Linali tsiku la mayeso a Sitandade Folo pa kasukulu kena kufupi ndi Madzimoyo. Aphunzitsi a Boaz Miti sankakhazikika. Ankangozungulira m'khonde ngati nkhuku yofuna kuikira, uku akusuzumira pazenera. M'katimo, mzungu woyendera sukulu wochokera ku Fort Jameson anali ataika wotchi patebulo, ana ali zyoli pa masamu.

Mtima wa a Miti unali pa Mainess, mtsikana yekhayo m'kalasimo, mwana wa mayi wamasiye. Atsibweni ake anali atanena poyera kuti akakhoza apite ku sukulu yaikulu ya ku mishoni, koma akalephera, mwamuna alipo kale.

Mwadzidzidzi dzuwa linazilala. Kumadambo kunamveka mfuu: "Dzombe! Dzombe!" Mainess anadzutsa mutu. Munda wa amayi ake unali woyamba kumbali yomwe dzombelo linkachokera, ndipo mayiwo anali okha, chimanga chitangomasula ngayaye. Mwana uja anayang'ana pepala, nayang'ana aphunzitsi ake pazenera. A Miti anapukusa mutu mpaka khosi kuwawa, koma iye anayika pensulo pansi, nagwada pang'ono kwa mzungu, ulendo.

Mlungu umenewo a Miti anapalasa njinga kupita ku Boma kukadandaula za Mainess, nabwereranso kachiwiri. Tcheni chinaduka, thalauza linang'ambika, yankho osasintha. Kalaliki wa kumeneko, munthu wodekha ndithu, anati, "Aphunzitsi, ife timawerenga zimene zili papepala. Ana onse mpaka ku Kasenengwa muyeso ndi umodzi. Tikayamba kuwerenga dzombe, tidzalekera pati?" Chinawapweteka a Miti n'chakuti mkuluyo sankanama.

Zotsatira zitafika, Mainess anaperewera pang'ono chabe. A Miti anakwiya, koma osadziwa womukwiyira. Anapita okha kukamuuza Mainess.

Anamupeza akuyanika dzombe lowiritsa pamphasa. Kuseri kwa nyumba theka la munda linali mapesi okhaokha, theka lina lobiriwira. Atsibweni ake anali pansi pa mtengo ndi alendo awiri akuchimuna ovala majekete.

Mainess anagwada, nayamba yekha kulankhula. "Aphunzitsi, funso lomaliza lija, la anthu okumba ngalande, yankho lake si masiku asanu ndi anayi? Ndinaliwerenga ndisanatuluke. Ndinkalisinkha m'mutu uku ndikugogoda chitini."

A Miti ankadziwa kuti m'kalasi monse munalibe amene analipeza funso limenelo.

"Ndi momwemo, mwanawe."

"Nanga mukakawauza bwana aja, sangalilembe?"

A Miti anayang'ana njinga yawo, tcheni chomanga ndi waya. Mainess anawayang'anitsitsa, kenaka anaweramira mphasa n'kupitiriza kutembenuza dzombe.

Pansi pa mtengo atsibweni anaitana kuti abweretse madzi, alendo asambe m'manja.