Mzime ndi Galimoto ya Tsache

Vuto linayamba ndi kapepala. Mzime anabwera nako pochokera kokapereka mazira m'mashopu, n'kukaika pathireyi pamaso pa amayi ake ngati kalata yaukwati.

"Amayi, ndikufuna kulowa mpikisano wa njinga."

Amayi akewo ankagulitsa mazira, ndipo msika wonse unkangowatchula kuti Amazira. Sukulu anaisiyira panjira, koma pakunenerera mtengo panalibe wowaposa. Wogulitsa akawaona akubwera ankayamba thukuta iwo asanatsegule pakamwa. Kapepalako sanakagwire n'komwe.

"Wopambana amalandira chiyani?"

"Chikho."

"Chomwera tiyi?"

"Ayi, chongoika pashelefu."

"Ndiye anthu akuluakulu, ena a ndevu zawo, azithamangitsana padzuwa kulimbirana chikho chosamwera? Dziko latha."

Mzime sanaseke. Anali mtsikana wa zaka makumi awiri, womaliza kubadwa m'nyumbamo, n'chifukwa chake dzinalo linamukanirira. Kwa zaka zisanu ankanyamula mathireyi a mazira pakaliyala ya njinga m'mawa uliwonse, ndipo sanaswepo ngakhale dzira limodzi. Anafotokoza kuti kalabu ya njinga imabwereka oyamba kumene njinga yopepuka. Mpikisano ndi wozungulira tauni kanayi. Amene wamaliza amalowa m'kalabu n'kupitiriza kukwera njingayo. Koma kumbuyo kwenikweni kumayenda galimoto yomangirira tsache patsogolo. Ikakupeza watsalira, amakuchotsa nambala n'kukukweza pamodzi ndi njinga yako.

Apa Amazira anatchera khutu, chifukwa anamva fungo la pangano.

"Chabwino. Lowa. Koma ukakwera galimoto ya tsacheyo, nkhani ya mpikisano yathera pompo. Sindifuna kudzaimvanso m'nyumba muno."

"Nanga ndikamaliza?"

"Tikambirana ukamaliza. Sindigula nkhuku ili m'dzira."

Kwa mwezi wathunthu Mzime ankayeserera madzulo akaweruka. Koma ankayeserera yekha. A kalabu anamuitana kuti azibwera Loweruka m'mawa kudzaphunzira kupalasa pagulu, koma amayi ake anakana kwamtuwagalu. "Loweruka ndiye tsiku la malonda. Njinga umaidziwa kale. Akakuphunzitsanso chiyani, kukhala pachishalo?"

Tsiku la mpikisano anafika m'mamawa. Msewu waukulu unali utatsekedwa ndi zingwe. Pambali panali tenti ya anamwino, mayi wamng'ono thupi wa zipsera m'mawondo, amene pautsikana wake anapalasapo mipikisano yambiri. Iye ndi amene ankayang'ana oyamba kumene asanawapatse nambala. Anagwira helemeti ya Mzime, n'kulowetsa zala pansi pa chibwano.

"Lamba uyu walendewera. Zala ziwiri zokha zizilowa." Anamanga bwino. "Unapalasapo pagulu, mwanawe?"

"Ayi."

Namwinoyo anamupatsa nambala 37. "Ndiye tamvera. Usatsogole. Khala pakati, kumbuyo kwa munthu woyenda mowongoka. Tayala lako lisapitirire m'mbali mwa tayala lake. Usagwire mabuleki modzidzimutsa. Ndipo uzimwa madzi ludzu lisanakupeze."

Amazira anamvetsera mpaka mutu unawatentha. Atangochoka patentipo anamukokera mwana wawo pambali.

"Wamva zimenezo? Akuti ukhale kumbuyo. Pampikisano! Iwe, pamzere wa kufamu ndani amasankha mazira aakulu?"

"Woyamba, amayi."

"Nanga wakumbuyo?"

"Amatola osweka."

"Basi. Wezulo ikalira, pita kutsogolo, ndipo usamusiyire munthu malo. Madziwo udzamwa ukamaliza, si ukwati uwu. Enawa akufuna chikhocho chipite kwa anzawo."

Mzime anali mwana womvera. Ili ndilo linali tsoka lake tsiku limenelo.

Wezulo inalira. Amazira anali ataonapo njinga moyo wawo wonse: zonyamula makala, zonyamula anthu, zolira tcheni ngati zikupempha mafuta. Koma izi anali asanazionepo. Njinga makumi anayi zinanyamuka ngati chinthu chimodzi chamoyo. Panalibe injini, panalibe utsi, panalibe wokuwa. Kunangomveka mkokomo wa matayala, waaa, ngati mvula ikubwera pamalata akutali. Zinadutsa pafupi ndi chingwe, phewa kukhudza phewa, ndipo mphepo yake inawakankha pachifuwa. Tsitsi linawaima.

Pamalo pamene anaimapo ankaona mzere womalizira, komanso chitunda chachitali chotsetserekera kumzerewo. Patapita nthawi gulu lija linatulukira pamwamba pa chitundacho, ulendo woyamba ukutha. Kutsogolo kwenikweni kunali nambala 37.

"Wanga ameneyo!" anakuwa Amazira, akumenya phewa la bambo wina wosamudziwa. "Wanga! Wa mazira! Onse ali pambuyo pake ngati anapiye!"

Zinalidi choncho. Mzime anali patsogolo, mutu pansi, mano ali gwa. Kumbuyo kwake kunali mzere wautali, ena akumwa madzi, ena mpaka akucheza.

Namwino uja anali ataima pambali pawo, koma sanaombe m'manja.

"Nsanje," anatero Amazira.

"Mayi, tabwerani kuno." Anawatengera pakona pa nyumba ina pamene mphepo inkawomba molunjika mumsewu. "Imani apa."

Mpango wawo wakumutu unayamba kukupiza, diresi n'kumamatira m'miyendo. Kenako namwinoyo anaima kutsogolo kwawo, msana wake pafupi ndi mphuno yawo. Mpango uja unagona phee.

"Mwamva kusiyana? Pano mwangoima. Panjinga yothamanga, mdani wamkulu si chitunda ayi, ndi mphepo. Wakutsogolo amaing'amba ndi chifuwa chake, akumbuyo amangolowa pampata umene wang'ambawo. Mwana wanu akulima, anzake onse aja akukolola. Odziwa amasinthana. Iye wawakoka yekha ulendo wonse, botolo lake lili chidzadzire."

Kuberedwa pamtengo Amazira ankakudziwa bwino, ndipo anazindikira kuti mwana wawo akuberedwa masanasana, atamutuma ndi iwo omwe.

"Ndiye chichitike n'chiyani?"

"Miyendo imuthera. Sizichenjeza. Zimangokhala ngati wina wazimitsa magetsi."

Ulendo wachiwiri gulu linatulukiranso pachitunda, likuthamanga kuposa poyamba. Amazira anayang'ana kutsogolo: palibe. Pakati: palibe. Anawerenga misana yonse mpaka womaliza. Gulu linadutsa ndi mkokomo wake, msewu n'kutsala mbee.

Anadikira. Anadutsa awiri. Anadutsa mmodzi akutukwana tcheni. Amazira anapotokola chingwe chotchinga msewu mpaka chinawacheka chala.

Kenako anamuona. Mzime ankatsika yekhayekha, mapewa akugwedezeka, milomo itauma mbuu. Mwana amene ankakwera zitunda ndi mathireyi khumi osapumira, tsopano ankapalasa ngati akuponda m'matope. Chapatali pang'ono kumbuyo kwake kunkabwera anthu atatu ondondozana, patsogolo pawo mkulu wina wa imvi zotulukira m'helemeti. Ndipo pamwamba pa chitunda, pang'onopang'ono ngati maliro, panatulukira galimoto ya tsache.

Mawu akuti "thamanga" anali atafika kale pakhosi pa Amazira. Anawabweza. Anayang'ana namwino.

"Awadikire atatuwo," anatero namwinoyo. "Yekha samaliza."

Mawu a Amazira ankamveka kuchokera kumapeto a msika mpaka kudepoti. Tsiku limenelo anawatulutsa onse.

"Mzime! Leka kupalasa! Dikira agogowo!"

Mtsikanayo anatembenuka, maso ali tong'o. Amayi ake anali asanamuuzepo kuti adikire munthu.

"Ndati dikira! Bisala kumbuyo kwawo! Zija ndinakuuza zija taya, ndinanama! Ndipo imwa madziwo, ukusungira ndani?"

Anthu anafa nalo phwete. Koma Mzime anamva. Anawongoka, anatenga botolo, anamwa. Atatu aja atamupeza, mkulu wa imviyo anamulozera kumbuyo ndi chala, iye n'kulowa pamzere ngati wachinayi. Anakhota pakona n'kuzimiririka. Galimoto ya tsache inadutsa pambuyo pawo, dalaivala atatulutsa mkono pawindo, m'katimo muli kale anyamata awiri ozyolika.

Ulendo wachitatu unali wautali ngati chaka. Atsogoleri anadutsa, Amazira sanawayang'ane n'komwe. Maso awo anali pachitunda. Ndipo anayiwo atatulukira, anaona chinthu chimene mpaka lero amachifotokoza ndi manja. Ankatsika ngati mkanda wa pa ulusi umodzi. Wakutsogolo ankakoka pang'ono, kenako n'kugwedeza chigongono, n'kupatukira pambali, n'kutsetsereka mpaka kumbuyo. Wachiwiri n'kukhala woyamba. Osalankhulana, osakangana, osanenerera. Anthu osadziwana, opikisana, akupatsana msana.

"Chigongonocho akuti chiyani?" anafunsa Amazira monong'ona, ngati ali m'tchalitchi.

"Akuti, ndatopa, tenga iwe."

"Ndipo winayo amangovomera? Osamufunsa kuti undipatsa chiyani?"

"Amamupatsa msana wake nthawi yake ikakwana. Malipiro ndi omwewo."

Amazira anapukusa mutu. Zaka zonse zimene anakhala pamsika, malonda oterowo anali asanawaonepo. Anaona Mzime akulandira kutsogolo, njinga yake ili chilili ngati yajambulidwa, kenako chigongono chake chikugwedezeka ngati anabadwa nazo. Nkhope yake inali itabwerera mwakale. Koma galimoto ija inali itayandikira, moti tsachelo linkaoneka zingwe zake.

Wopambana anafika, anakweza manja, anthu anakuwa, chikho chosamwera chija chinaperekedwa. Ena anayamba kubalalika. Amazira sanasunthe. Namwino ankayang'ana wotchi yake mobwerezabwereza, ndipo iwo sanafune kumufunsa.

Ulendo womaliza, pamwamba pa chitunda panatulukira awiri mwa anayi aja. Mzime panalibe. Kenako panatulukira nambala 37, ndipo atamatirira kutayala lake lakumbuyo anali mkulu wa imvi uja, mutu uli pendapenda. Mzime sankagwedezanso chigongono. Ankangocheuka, kuona ngati mkuluyo akadalipo, n'kupalasanso. Mphuno ya galimoto inatulukira pambuyo pawo, pafupi moti munthu akanaponya mwala n'kuigenda.

Amazira sakumbukira zimene anakuwa. Anthu amati anathamanga m'mbali mwa chingwe, nsapato imodzi itatsala m'mbuyo, akuopseza dalaivala kuti akangoyerekeza kumukhudza mwana wawo aona chimene chinameta nkhanga mpala. Mzime anadutsa mzere, mkulu uja pambuyo pake. Pa anthu onse amene anamaliza, iwo ndiwo anali otsiriza. Nambala inali ikadali pamsana.

Mkuluyo anakhala pansi m'mbali mwa msewu, namwino akumupatsa madzi. Atapeza mpweya analoza Mzime.

"Mwana wa ndani uyu?"

"Wanga," anayankha Amazira, nsapato ili kumanja.

"Mayi, ndapalasa zaka makumi atatu. Oyamba kumene ndimawathawa, amayenda ngati ataledzera. Koma uyu sagwedezeka, sadzidzimutsa buleki. Kukhala kumbuyo kwake kuli ngati kukhala pampando. Anaphunzira kuti?"

"Amanyamula mazira."

"Ndiye chifukwa chake. Chikhala kuti anabisala pachiyambi paja, bwenzi tikumufuna kutsogolo uko."

Amazira anayang'ana pansi. Mzime anatsamira njinga, n'kunena motsitsa, "Amayi, munati tikambirana ndikamaliza."

"Ndikudziwa zimene ndinanena, sindine wogontha." Anavala nsapato. "Loweruka m'mawa ndi lako. Mazira ndikapereka ndekha."

"Ndi Lachitatu madzulo."

"Iwe! Wayamba kunenerera amako?"

"Ndinaphunzira kwa katswiri."

Namwino anaseka mpaka anagwira tenti. Amazira anayesa kukwinya nkhope, koma zinakanika. "Tenga. Koma tsiku lina anamwinowa akalankhula, ine n'kulankhulanso, uzimvera iwowa. Pa za njinga pokha, wamva? Osati pa zonse."

Pobwerera kunyumba anayenda wapansi, Mzime akukankha njinga. Mphepo inali ikuwombabe molunjika mumsewu. Amazira anapita kutsogolo, n'kutambasula mapewa awo aakuluwo.

"Khala kumbuyo kwanga. Pafupi. Usapitirire m'mbali."

Anayenda choncho mpaka pakona ya msika. Atafika pamenepo, osacheuka, osanena kanthu, Amazira anagwedeza chigongono.

Phunziro: Kudziwa kukwera njinga si kudziwa mpikisano. Musanalowe, kaphunzireni kupalasa pagulu, mangani helemeti bwino, imwani madzi ludzu lisanafike, ndipo musathere mphamvu zonse pachiyambi. Inunso makolo, nzeru imene imakudyetsani pamsika si ya paliponse. Pamene simukudziwa, funsani odziwa mwana asananyamuke, chifukwa wovutika ndi malangizo anu olakwika ndi mwana womvera.