Makomo a M'chiwindi cha Bambo Msosa

Bambo Msosa anadzibaya jakisoni wa insulini wa matenda awo a shuga masana monga mwa nthawi zonse, koma chakudya sanachikhudze. Mchere wa m'ndiwo anathira ndi mpongozi wawo Nankhoma, amene mwamuna wake anali atangobwera kuchokera ku Joni. Iwo anali namfedwa, maliro a akazi awo asanamete n'komwe, ndipo tsempho ankaliopa kuposa njala. Anagona pamkeka pakhonde. Mkekawo unatseguka, iwo n'kutsikira m'chiwindi chawo.

Munali mofiirira ndi mofunda. Makomo anandandalika mpaka kosaoneka, ndipo chitseko chilichonse chinali ndi khutu la munthu pamalo pa loko. Pakati pankadutsa mtsinje wa magazi. Shuga wa mumtsinjemo anali atatsala pang'ono, timibulu apa ndi apo.

Anthu ovala zoyera, onse nkhope imodzi, ankayenda khomo ndi khomo kunong'oneza makutuwo: "Tsekani. Sungani." Khutu linkauza wam'kati, wam'katiyo n'kuuza mnzake, uthenga n'kukafika kumatumba osungiramo shuga. Manja ankatuluka, kuvuula shuga wotsalayo ndi kumulowetsa. Munthu mmodzi yekha wowonda, Glukagoni wa kukapamba, ankagogoda akukuwa kuti, "Tsegulani, tulutsani!" Mawu ake anali atasasa.

Pathumba lina panakhala malemu akazi awo, Nagama, akusoka kukamwa kwa thumba. Bambo Msosa anawayang'ana kumapazi kaye, chifukwa akufa ena amabwereka nkhope.

"Oyerawa wawatuma ndani?" anafunsa.

"Inu, bambo, ndi singano yanu ija," anatero Nagama. "Munawauza kuti chakudya chili m'njira."

"Sindinauze munthu."

"Singano inanena. Iwo safunsa kawiri."

"Auzeni makomowa atseguke."

"Ine sandimva. Amamva ochuluka mawu. Kumtunda uko, kumutu kwanu, nyali zayamba kuzima."

Bambo Msosa sanakhulupirire. Anaviika dzanja mumtsinje n'kulawa. Munalibe kukoma kulikonse. Thukuta lozizira linawatsika pamsana.

"Latsala khomo limodzi," anatero Nagama osadzutsa mutu. "Limenelo limamvera inu nokha."

Anayenda motsatira mtsinje mpaka analipeza. Linali lotsekedwa ndi mano, ndipo anawazindikira kuti ndi awo, ndi dzino lawo lobenthuka lomwe. Kunja wina ankagogoda ndi supuni.

"Bambo, yasamulani. Ndi shuga." Anali mawu a Nankhoma.

Anasuzumira pampata wa mano. Pasupuni panali zoyera. Mcherenso ndi woyera.

"Mwagwirizana," anatero Bambo Msosa, atatembenukira kwa akazi awo pathumba paja.

"Ine ndilibe mbali. Mukazengereza, malo alipo pano." Nagama anasendera, n'kupukuta pathumba ndi chitenje.

Bambo Msosa anawayang'ana malowo nthawi yaitali. Anali abwino, a munthu mmodzi ndendende. Kumbuyo Glukagoni anali atasiya kugogoda, atatsamira chitseko. Mtsinje unkayenda mwaulesi, ndipo makomo akutali anayamba kuzimirira limodzi limodzi.

Bambo Msosa anakankha mano pang'ono, mpata wongokwana nsonga ya lilime, kuti alawe okha asanamizidwe.

Kuwala kwa pakhonde kunalowa. Nankhoma anali atagwada pafupi kuposa mmene mpongozi amayandikirira, nkhope atayang'ana kumbali mwaulemu, supuni ili m'dzanja.

"Wakutumani ndani?" anafunsa Bambo Msosa, lilime lili lolemera.

"Mezani kaye, bambo."

Anazisunga m'kamwa kanthawi, akumuyang'anitsitsa. Kenako anameza.