Mphete M'chifu

Mzime anameza mpheteyo chitseko chisanathe kutseguka. Inamukanda kummero, n'kutsika pang'onopang'ono ngati kamwala kozizira. Koma achimwene ake, amene anthu ankawatchula kuti Chimpeni chifukwa cha ntchito yawo yopha mbuzi kubutchala, anali ataona kale dzanja likuchoka pakamwa.

"Wameza chiyani, iwe?"

"Palibe, achimwene."

Mbama inamugwetsera pabedi, khutu n'kuyamba kulira.

Mpheteyo inali yaing'ono, ya kamwala kofiira, ndipo aliyense pakhomopo ankaidziwa. Inkakhala pachingwe m'khosi mwa mnyamata wochita lendi chipinda chakuseri, wophunzira zachipatala, amene Chimpeni ankamunyoza kuti Adokotala. M'mawa womwewo mnyamatayo anali atamuveka Mzime kuseri kwa zovala zoyanika. Ndipo Chimpeni anali atalumbira kalekale kuti mwamuna wodzakhudza mlongo wake adzamutumbula ngati mbuzi. Wina amene anangomuimbira mluzu mtsikanayo pamsewu, mpaka lero amatafunira mbali imodzi.

"Makasitomala akundidikira," anatero Chimpeni. "Ndikabwera, chimene wamezacho uchisanza, ndione galu amene wakupatsa." Anakhoma chitseko n'kuponya kiyi m'thumba.

Mzime anagona chammbali, n'kukumbukira madzulo ena pamene Adokotala ankajambula ndi chala pamwamba pa delesi lake.

"Chifu ndi thumba la zipata ziwiri," anamunong'oneza tsikulo. "Chimene chili m'thumbamo chingathe kubwerera kukamwa. Koma chikadutsa chipata chakumunsi n'kulowa m'matumbo, chapita basi. Ukadya, chipatacho chimathina, chimangolola zogayika bwino. Ukakhala ndi njala n'kumva m'mimba mukulira, ndiye kuti chifu chikusesa m'nyumba, ndipo chipata chatseguka."

"Ndiye mtima wanga uli ndi zipata zingati?" anafunsa iye tsikulo, onse n'kuseka.

Masana amayi ake analowetsa mbale pawindo. "Idya, mwanawe. Ukasanza wopanda kanthu m'mimba ukomoka."

"Sindikumva njala, amayi."

Njala inali itamugwira kwambiri, fungo la nyemba likumuzunza, koma mbaleyo anaikankhira kunsi kwa bedi. Anadikira. Dzuwa linachoka pakhoma n'kufika pansi. Kenako, munsi mwa nthiti, munamveka kulira kwakutali ngati bingu la mvula ya kutsidya. Kunabweranso kachiwiri, mwamphamvu. Mzime anaika dzanja pamimba n'kumwetulira ndi mlomo wotupa ndi mbama ija.

Chimpeni anabwera epuloni yake ili magazi okhaokha, atanyamula beseni lachitsulo ndi jagi ya madzi amchere. Kumbuyo kwake kunali Adokotala.

"Gwirani beseni, Adokotala. Si ntchito yanu imeneyi?"

"Bwana, mchere wochuluka chonchi umapha munthu."

Chibakera chinamupeza mnyamatayo pakamwa. Chimpeni anamukoka malaya, mabatani n'kumwazika pansi, kenako anamukankhira beseni pachifuwa. Anatembenukira mlongo wake, n'kumukanikiza ndi bondo, kumutsina mphuno, n'kumuthira madziwo kukamwa. Mzime anatsamwa, anapalasa miyendo, anawakanda achimwene ake kumaso. Amayi ankakuwa pakhomo kuti, "Umupha mwana! Umupha!" Pamene Mzime ankati apume, chibakera china chinalowa m'mimba.

Anasanza. Anasanzanso mpaka kunatuluka ndulu yowawa, maso ali pabeseni.

Chimpeni anasolola mpeni n'kuvundula masanziwo ndi nsonga yake, akumvetsera ngati china chigogoda pachitsulo. Munalibe kanthu. Madzi, thovu, ndi timagazi.

"Mwaona, achimwene?" Mzime anatero ndi mawu osasa.

"Ine matumbo ndimawadziwa kuposa Adokotalawa," anayankha Chimpeni akupukuta mpeni pa epuloni. "Chimene chakana kutulukira kumwamba chimatulukira kumunsi. Ndidikira. Sutuluka muno."

Anadzuka kuti azipita, koma anaima. Malaya a mnyamata uja anali yasa. M'khosi mwake chingwe chinkalendewera chokha, chopanda kanthu.



"Adokotala," anatero Chimpeni mofatsa, "kamphete kathu kaja kali kuti?"

Mpeni unanyezimira. Mnyamatayo anatchinga ndi mkono, ndipo unamung'amba kuyambira pachigongono, magazi n'kuthovokera pakhoma. Beseni linagwa. Chimpeni anakwezanso dzanja, ulendo uno akuloza pamimba. Mzime sanadziwe kumene mphamvu zinachokera. Anatola beseni lija ndi manja awiri n'kuwamenya nalo achimwene ake pankhongo. Linalira ngati belu. Anawamenyanso. Chimpeni anagwada, n'kugwa chafufumimba, akubuula.

Amayi anawerama, n'kupisa m'thumba la epuloni, n'kutulutsa kiyi.

"Tulukani," anatero osawayang'ana. "Ndimukhomera muno mpaka mutafika patali."

Anathamanga kudutsa pansi pa zovala zoyanika, Mzime atakulunga mkono wa mnyamatayo ndi mpango wake. Pakona ya msewu anaima kuti apume.

"Mphete yanga ili kuti?" anafunsa Adokotala, akuyesa kuseka ndi mano amagazi.

Mzime anatenga dzanja lake losavulala lija n'kuliika munsi mwa mchombo wake.

"Yadutsa chipata," anatero. "Sibwereranso."