Mnzake wa Desiki Limodzi

Ine ndine telala. Za mpira sindizidziwa, ndipo ndinalibe nawo chifukwa mpaka tsiku lomwe amuna anga anabwera kushopu ndi jezi ya mwana wathu kuti ndiikulitse.

Muyambe mwadziwa kuti tauni yathu ndi tauni ya kutsidya kwa mlatho sizimwerana madzi. Chomwe tinayambanirana palibe akuchikumbukira. Timakwatirana, timagulana malonda, odwala timazonderana, koma likafika tsiku loti sekondale yathu isewere ndi yawo, ngakhale mlamu wako wa kutsidya sumupatsa moni. Chikho chomwe timalimbiranacho n'chachitsulo chopepuka, chogwirira chimodzi chinathothoka kalekale, ine sindingasungiremo ngakhale mabatani. Koma azibambo a ndevu zawo amadwala nacho mutu chaka chonse, ndipo nthawi imeneyo chinali chitakhalitsa kutsidya.

Amuna anga ali ndi kagolosale, koma mukawafunsa ntchito yawo amati ndi a Tcheyamani. Tcheyamani wa komiti ya makolo yothandiza timu, basi. Kochi weniweni ndi mphunzitsi wa jogalafe, munthu wofatsa yemwe amangopachika wezulo m'khosi n'kumavomera zilizonse zomwe a Tcheyamani anena.

Mwana wathu anzake amamutcha Kamphepo chifukwa cha liwiro. Anali fomu folo, chaka chake chomaliza. Chiyambireni sekondale, masewero aakuluwa ankangowaonera pabenchi. Ankadzuka m'mamawa kukathamanga, kubwera thukuta kamukamu, kusamba, n'kupita kusukulu. Chaka chimenecho akochi anamupatsa jezi ya nambala naini. Anaipachika pamsomali kumutu kwa bedi, ndipo mlongo wake akangoikhudza, m'nyumba munkabuka nkhondo. Kamphepo sankafuna chikho ayi. Ankangofuna kulowa m'bwalo limenelo kamodzi, asanatsanzikane ndi sukulu.

Ndiye tsiku limenelo ndikupinda siketi ya kasitomala, ndinangoona pakhomo pada. Amuna anga alowa, kumbuyo kwawo chimunthu chamapewa odzaza chitseko.

"Mayi a Kamphepo, tamuyezani mwana wasukuluyu."

"Mwana wasukulu uti?"

"Uyu."

Ndinavula magalasi. "Awa si owotcherera aja a kuseri kwa depoti? Aja anatikonzera geti?"

"Anali owotcherera. Kuyambira Lolemba ali fomu folo."

Mwana wasukuluyo anavula chipewa n'kundipatsa moni ndi mawu a besi. Manja ali zipsera zokhazokha za moto wa kuntchito, maso ali psuu. Amuna anga anatulutsa jezi m'jumbo n'kuiponya pamakina, nambala naini ili pamwamba.

"Inu bambo, jeziyi ndi ya mwana wanu!"

"Adzalowa chigawo chachiwiri, tamupezera ina. Kodi mukudziwa kuti goloboyi wa kutsidya ndi wa kubutchala? Dazi lake limachita kung'anima. Iwo aziika aganyu, ife tizingoika tiana? Ndiye kuti ndife opusa?"

"Nanga si mpira wa ana?"

"Mpira wa ana? Mayi, uwu ndi ulemu wa tauni."

Ndinalalata mpaka wa saluni woyandikana nane anasuzumira, koma kulalatira a Tcheyamani n'kutaya malovu. Ndinaitumbula m'mbali jeziyo n'kuikamo nsalu zotsala. Tepi yanga inatsala pang'ono kuperewera pachifuwa cha wophunzira watsopanoyo.

Kamphepo anadzera kushopu poweruka. Anaima n'kuyang'ana jezi ili pansi pa singano.

"Amayi, si yanga imeneyo?"

"Bambo ako akuti udzalowa chigawo chachiwiri."

Anawerama n'kuyamba kutola mapini omwe anagwera pansi, mmodzimmodzi, n'kuwabaya pakatsamiro. Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinalakalaka akanangolira kapena kutukwana.

Loweruka masana bwalo linadzaza. A kutsidya anabwera pamalole, ng'oma, malipenga, azimayi atadzipaka penti kumaso. Athu nawo anatseka mashopu, ngakhale wa famase yemwe satseka pa china chilichonse. Owotcherera aja anali atametedwa m'mawa womwewo, chibwano chili mbuu ndi paudala. Goloboyi wa kutsidya anavala chipewa cha ubweya dzuwa likuswa mtengo. Aliyense ankaona, aliyense anali chete. Pali lamulo losalembedwa pakati pa matauni awiriwa: za zaka sitifunsana.

Chigawo choyamba chinatha popanda chigoli. Owotchererawo ankathamanga pang'ono n'kugwira m'chiuno, koma akakhudza mwana wa eni, mwanayo ankagubuduzika mpaka kunja kwa mzere. Kamphepo anali pabenchi, atavala jezi yopanda nambala.

Chomwe komiti inaiwala n'chakuti wophunzira watsopano uja anali ndi banja. Mkazi wake anauzidwa kuti akhale kunyumba, koma ndani angakhale kunyumba tsiku limenelo? Osewera akubwerera m'bwalo, kamtsikana kakang'ono kanapulumuka m'manja mwa mayi ake, kanadutsa pansi pa chingwe, liwiro mpaka pakati, n'kukakumbatira mwendo wa nambala naini.

"Adadi! Adadi, ndigulireni switi!"

Bwalo lonse linamva. Kenako a kutsidya anaphulika. Ng'oma zinagunda, nyimbo yapangidwa pomwepo: "Adadi! Adadi!" Azimayi awo ankagwa n'kuseka. Apa lamulo losafunsana lija linali litaphwanyidwa ndi munthu wosadziwa malamulo, ndipo kaputeni wawo anathamangira kwa oyimbira mpira. Oyimbirawo anali bambo wachikulire yemwe ankangofuna kukafika kwawo ndi mano ake onse.

"Chabwino," anatero. "Abwere wophunzira mmodzi wa kalasi yake adzachitire umboni. Akapanda kupezeka, masewero athera pano, chikho chibwerera kutsidya."

Anyamata athu onse anayang'ana nsapato zawo. Akochi anayamba kupukuta wezulo. Ine ndinali nditaima kuseri kwa benchi, ndiye zomwe amuna anga ananena ndinazimva ndi makutu angawa. Anamugwira Kamphepo paphewa.

"Pita ukanene kuti ndi mnzako. Iwe akukhulupirira, ndiwe mwana waulemu."

"Bambo..."

"Ukangonena, ukulowa. Ndikulonjeza ine bambo ako. Ukakana, palibe mpira, palibe kulowa."

Mwana wanga sadziwa kunama. Ali wamng'ono ankadzinenera yekha akaba shuga. Ndinamuona akuyenda kupita pakati pa bwalo, miyendo yoonda ija, ndipo ndinafuna kukuwa kuti bwerera. Sindinakuwe, poti ndinkadziwa chomwe akuchifuna.

"Ukumudziwa uyu?" anafunsa oyimbira.

"Ndi mnzanga."

"Kweza mawu anthu amve."

"Ndi mnzanga! Timakhala desiki limodzi!"

"Nanga kamwanaka?"

Kamphepo anayang'ana kamtsikanako, kali kakakaka pamwendo wa bambo ake. "Ndi mlongo wake."

Kuseka komwe kunabuka pamenepo sindidzakuiwala. Ngakhale athu ena anaseka. Koma masapota athu anakumbukira msanga ntchito yawo, anayamba kuloza goloboyi uja: "Vula chipewa! Vula chipewa!" Wa kubutchala anagwira chipewa chake ndi manja awiri, akuluakulu a kutsidya ananong'onezana, kaputeni wawo anabwerera pamalo pake mwakachetechete. Kamwana kananyamulidwa kakulira, wezulo inalira, mpira unayambiranso.

Kamphepo sanakhalenso pansi. Anayamba kuthamangathamanga m'mbali mwa mzere, kudumpha, kuwongola miyendo, kudikira kuti aitanidwe. Akafika mbali ya a kutsidya ankamuimbira: "Desiki limodzi! Desiki limodzi!" Wina anamufunsa ngati mnzakeyo amamubwereka lezala. Iye ankangoyang'ana kwa bambo ake.

Kenako kunabwera kona. Owotcherera anakankha ana awiri, mpira unawamenya pakhosi n'kugubuduzikira muukonde. Eee, fumbi lake! Wa famase anavula shati. Amuna anga anathamanga mpaka pakati pa bwalo, mimba ili patsogolo, n'kubwerera akupukuta misozi.

Ndinawakoka jekete. "Bambo a Kamphepo, mwana."

"Dikirani kaye, mayi."

"Munalonjeza."

"Mukufuna atibwezere chigoli? Pano pakufunika anthu a mafupa. Dikirani kaye!"

Ndinadikira. Nambala naini anali atatheratu, akungoyenda, lilime panja, mpaka anakweza dzanja yekha kupempha kuti atuluke. A Tcheyamani anamukuwira kuti alimbe mtima. Akochi anayang'ana Kamphepo kamodzi, n'kuyang'ana kumwamba ngati akuwerenga mitambo ya m'buku lawo. Mwana wanga anapitiriza kudumpha m'mbali mwa mzere mpaka wezulo yomaliza inalira.

Tauni yonse inapita kukazungulira ndi chikho pamsika. Owotcherera ananyamulidwa pamapewa, ndipo anafunika anthu ambiri ndithu. Ine ndi mwana wanga tinabwerera kunyumba wapansi. Anakhala pakhonde osavula n'komwe nsapato zampira. Ndinamuikira madzi osamba, anazizira.

Dzuwa lisanalowe a Tcheyamani anatulukira, mawu atasasa, chikho chili m'khwapa.

"Ali kuti ngwazi yanga? Iwe, lero wagoletsa ndi pakamwa! Popanda iwe chikhochi chikanawoloka mlatho. Tagwira, mayi ako akujambule."

Kamphepo sanatambasule manja. "Bambo, ndanama pamaso pa anthu onse aja kuti mundilowetse."

"Aaa, zimenezo? Mpira ndi choncho, mwanawe. Udzasewera chaka chamawa."

"Chaka chamawa ndidzakhala nditamaliza sukulu."

Amuna anga anamuyang'ana modabwa zenizeni, osati mwachipongwe ayi, n'kuseka.

"Nanga kumaliza sukulu kunaletsapo ndani?"

Ndakhala nawo zaka zambiri bambo amenewa, ndawakwiyirapo kosawerengeka, koma tsiku limenelo ndinachita nawo manyazi. Mwana wanga anamasula zingwe za nsapato zake pang'onopang'ono, anaziika pafupi ndi mapazi a bambo ake, n'kulowa m'nyumba. Mpaka lero sanaukhudzenso mpira.